Dzina la Sukulu Silidyetsa Mwana

Abale anga a m'migodi, ambiri a inu munasiya kwanu kudza kuno ku Joni cifukwa ca ana. Mwana akakhoza mayeso a Fomu 4, mau amafika ku komboni akuti, "Bambo, ndifuna kupita ku koleji." Pamenepo mtima wa bambo uthamangira sukulu yomveka dzina, kuti anzace azimcitira ulemu. Koma ndalama yotuluka pansi pa mgodi ndi ya thukuta ndi pfumbi, ndipo si bwino kuitaya cifukwa ca dzina lokha. Akulu anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere.

Taonani nkhani ya Dr. Hastings Kamuzu Banda, amene nayenso anagwirapo nchito pa mgodi wa Witwatersrand Deep ku Boksburg. Iye anapita ku America m'caka ca 1925, ndipo mu 1937 anatsiriza maphunziro a udotolo ku Meharry Medical College. Koma pepala lace lija silinamlole kuciritsa anthu m'maiko olamulidwa ndi Angelezi, monga Nyasaland. Anacita kupitanso ku Edinburgh, nalandira mapepala ena mu 1941. Cotero yambani mwafunsa kuti, kodi pepala la sukulu imeneyi adzalilandira kumene mwanayo afuna kugwira nchito? Ku Malawi bungwe la National Council for Higher Education ndilo livomereza makoleji, ndipo a TEVETA ayang'anira sukulu za nchito zamanja. Auzeni akumudzi akafunse kumeneko inu musanatumize ngakhale randi imodzi.

Cinanso ndi mphatso ya mwana. Sukulu iri yonse iri ndi nchito yace. Wofuna zamalamulo apita ku Zomba, ku University of Malawi, imene kale inali Chancellor College. Wokonda munda ndi ziweto malo ace ndi ku Bunda, kufupi ndi Lilongwe. Udotolo ndi unamwino aphunzitsa ku Kamuzu University of Health Sciences, ndipo uinjiniya uli ku Blantyre, ku sukulu imene inali Polytechnic kufikira 2021. Mwana wa manja aluso musamkakamize mabuku amene sawakonda. Makoleji a ku Soche, Salima, Namitete ndi Nasawa aphunzitsa ukalipentala, kumanga, magetsi ndi kukonza galimoto. Izi si zamanyazi ai. Pamene Dr. Robert Laws anatsegula sukulu yaikulu ya Livingstonia ku Khondowe mu 1894, anaphunzitsa aphunzitsi pamodzi ndi amisiri a matabwa, omanga nyumba ndi osindikiza mabuku. Inu nomwe muona pa mgodi kuti mmisiri wa magetsi wokhala ndi pepala alandira ndalama zambiri koposa munthu wa fosholo.

Tsono werengani thumba lanu, ndipo muwerenge zaka zonse, osati caka coyamba cokha. Digiri imatenga zaka zinai kapena kupitirira. Pamwamba pa fizi pali nyumba, cakudya, mabuku ndi ndalama ya basi. Nanga joini ikatha, kapena mgodi ukatsekedwa, kapena cifuwa cikakubwezani kumudzi, adzalipira ndani? Boma la Malawi liri ndi bungwe lokongoza ophunzira ndalama kuyambira 2015, koma si onse amene alandira, ndiponso ngongole imabwezedwa. Kawirikawiri koleji yapafupi, kumene mwana angagone kwa malume ace kapena kwa azakhali, ndiyo imamfikitsa kumapeto. Mtsikana wofuna unamwino angaphunzire ku zipatala za mishoni monga Nkhoma, Ekwendeni kapena Mulanje, ndipo akakhoza mayeso a bungwe la anamwino adzalembedwa m'buku monga anzace onse. Mwana wotsiriza pa sukulu yaing'ono aposa amene anacoka pa sukulu yaikulu m'caka caciwiri wopanda pepala liri lonse.

Inu muli kutali, ndipo mwana munamsiya ali wamng'ono. Amene amdziwa bwino tsopano ndi amai ace ndi aphunzitsi ace. Funsani aphunzitsiwo kuti mwanayo akhoza bwino phunziro liti, ndipo lomlaka ndi liti. Mufunseni iye mwini cimene afuna kucita, ndipo mumve yankho lace kufikira atatha kulankhula. Citani cimodzimodzi kwa mwana wamkazi ndi wamwamuna. Mukatero, khalani pansi tsiku la Sabata ndi pepala ndi pensulo, mulembe masukulu awiri kapena atatu ndi mtengo wace wa zaka zonse, ndipo musankhe imene mwana adzatha ndi imene inu mudzatha kulipira.