Pogulitsa duwa lalikulu, samalani ndi transipoti

Anzanga a geni, monstera wamkulu wa mumphika ndi katundu woyenda muno mu London, koma phindu limathera pa mayendedwe. Ine ndisanaike mtengo pa Facebook Marketplace kapena Gumtree, Lamulungu ndimakazungulira kaye ku Columbia Road kukaona mitengo yawo, kenako ndimatsitsako pang'ono. Pojambula ndimaimika duwalo pafupi ndi chitseko kuti wogula aone kutalika kwake, n'kulemba kuti adzatenge yekha.

Mukati mukamusiyire pakhomo pa galimoto yakale, ULEZ ikudyani £12.50 tsiku limenelo, ndipo kuyambira 2023 inafika madera onse a London. Ndiye ya transipoti muziitchula payokha. Nyengo yozizira muzikuta masamba ndi pepala. Akapsa ndi chisanu, kasitomala abweza basi.