Ku London zamasamba nazo zimadya mapaundi

Kwathu kuno munthu akakuikirani nsima ya nyemba ndi chisoso amayamba wapepesa kuti ndiwo zasowa. Ku London mbale yopanda nyama ili ndi dzina lake, vegan, ndipo anthu amaima pamzere kuti ailipire. Ngati muli ndi ulendo wa kumeneko, kaya wa sukulu, wa ntchito kapena wokaona abale, dziwiranitu kolowera, chifukwa mapaundi sachedwa kutha.

Mawu akuti vegan anayambira ku England komweko mu 1944, pomwe Donald Watson ndi anzake anakhazikitsa bungwe la Vegan Society. Munthu wa vegan sadya chilichonse chochokera ku nyama. Nsomba, mazira, mkaka, batala, tchizi, ngakhale uchi, zonsezi ayi. Wa vegetarian yekha ndiye amamwa mkaka ndi kudya mazira. Pa menyu mupeza chilembo V pambali pa zakudya zina, VG kapena Ve pambali pa zina, koma malo odyera salemba mofanana, ndiye werengani kaye tanthauzo lake m'munsi mwa menyuyo.

Dzina lomwe mulimve kwambiri ndi Mildreds, malo odyera omwe anatsegulidwa ku Soho mu 1988, kale zamasamba zisanakhale fasho. Temple of Seitan nawo anatchuka ku Hackney mu 2017 ndi "nkhuku" yokazinga yopanda nkhuku. Amaipanga ndi seitan, yomwe ndi ufa wa tirigu wokandidwa ndi kutsukidwa mpaka patsale konanda kokhakokha. Amene anakulira ma soya pieces ku sukulu yogonera komweko sangadabwe kwenikweni. Kusiyana kwake n'koti uku akuikirani tchipisi pambali, mtengo n'kukwera.

Koma kunena zoona, zakudya zoyerekezera nyamazi si kumene kuli nkhani. Pitani kwa anthu omwe akhala akuphika zamasamba kuyambira makolo awo. A ku Ethiopia ndiwo akatswiri. Akhristu a mpingo wa Orthodox kwawoko amasala nyama, mkaka ndi mazira Lachitatu ndi Lachisanu, kuphatikizapo nyengo yaitali ya Pasaka asanafike, choncho ophika awo anazolowera kukometsa ndiwo popanda nyama. Mukalowa m'lesitilanti yawo itanitsani yetsom beyaynetu. Akubweretserani injera, chikate chachikulu chowawasira chopangidwa ndi ufa wa teff, pamwamba pake ataunjikapo mphodza za tsabola, nsawawa, kabichi ndi masamba. Foloko palibe. Mumanyema injerayo n'kutapira ndiwo ndi dzanja monga tichitira ndi nsima, ndipo anthu awiri kapena atatu akhoza kudyera m'mbale imodzi n'kugawana bilu. Ku Brixton kuli zakudya za ital za Marasta, zophikidwa ndi kokonati, nyemba ndi nthochi. Mumsewu wa Drummond Street, pafupi ndi siteshoni ya Euston, muli malesitilanti a Amwenye osaphika nyama, koma kumeneko funsani za ghee ndi yogati chifukwa amazikonda zedi.

Kufunsa si umbuli. Lamulo la dzikolo limakakamiza ogulitsa chakudya kuuza kasitomala ngati muli chimodzi mwa zinthu 14 zomwe anthu ena amadana nazo m'thupi, monga mkaka, mazira, mtedza, soya ndi tirigu. Izi n'zofunika ngakhale m'malo a vegan enieni, poti "tchizi" chawo nthawi zambiri chimachokera ku mtedza wa kashu, seitan ija ndi tirigu yekhayekha, ndipo tofu ndi soya. Wodwala nazo asangokhulupirira chikwangwani chobiriwira.

Tsopano za m'thumba. Malo ambiri okhala pansi amawonjezera 12.5 peresenti pa bilu ngati yothokozera okuperekerani chakudya, ndiye mtengo wa pa menyu si womaliza. Ena salandiranso ndalama zapamanja, ndi khadi basi. Madzi akumwa nenani kuti mukufuna a pampopi, apo ayi akutsegulirani botolo lolipira. Tsiku lomwe zavuta, lowani mu Greggs mugule vegan sausage roll, yomwe inatuluka mu Januwale 2019, mudyere m'njira. Ndipo musanachoke pa Wi-Fi ya kumene mukugona, ikani HappyCow pa foni. Imaonetsa pa mapu malo a zamasamba omwe ali pafupi nanu ndi nthawi yomwe amatsegula.