Chipika chobulungira sachigwira ndi manja pa bandsaw

Pa Namitete, pa Mpingu ngakhale pa Nsaru, shopu ya kalipentala siisowa. Umaiona ndi utuchi pakhomo, zitseko zotsamira khoma ndi mabedi oyembekeza ogula. Kumene magetsi afika, makina ayamba kulowa m'malo mwa sowo yamanja, ndipo ena mwa makinawo ndi bandsaw, macheka a lamba wachitsulo woyenda pa mawilo awiri.

Makinawa ndi akale ndithu. William Newberry wa ku England adawalembetsa mu 1809. Amisiri amawatcha ofatsa chifukwa saponya thabwa kwa mwini wake monga amachitira macheka a mbale yozungulira. Zimenezo n'zoona pa thabwa lopala kale. Pa chipika chobulungira nkhani ndi ina, ndipo kuno mitengo yambiri imafika m'shopu ili yobulungira: mapolo a bulugamu amene alimi a fodya amadzala m'mbali mwa minda, malaina, nthambi za mango. Matabwa a paini ochokera ku Chikangawa ndi okwera mtengo, choncho mwendo wa mpando kapena mpini kawirikawiri umachokera pa mtengo wodulidwa pamudzi pomwepo.

Vuto lagona pa kayendedwe ka mano. Lamba amatsika kuchokera pamwamba kupita pansi. Thabwa limagona lonse patebulo, ndiye mano akamaluma amangolikanikizira pansi. Chipika chobulungira chimakhudza tebulo pa kamzere kamodzi kokha, pomwe mano amayamba kuluma chapambali, pamene pansi pake palibe chochirikiza. Chipikacho chimagubuduzikira kwa lamba mwadzidzidzi. Lamba amapindika kapena kuduka, ndipo dzanja limene limakankha limatsatira mtengo mpaka pa mano. Zonsezi zimachitika munthu asanaphethire. Mphamvu za manja sizithandiza apa, ngakhale ukhale mmisiri wa zaka makumi awiri. Tizidutswa tating'ono ndiye toopsa kwambiri, chifukwa zala zimakhala pafupi ndi lamba.

Chomvetsa chisoni n'chakuti ngozi zimenezi zimachitika pomwe chotetezera sichilira ndalama. Zidutswa ziwiri za matabwa zokhomedwa ngati chilembo cha V pa thabwa lina zimapanga chogonekapo chipika. Chipikacho chimangidwe kapena chipanidwe molimba, kenaka mmisiri azikankha chogonekacho, osati mtengo. Pofuna kung'amba chipika m'litali, chiyambe chapalidwa mbali imodzi kuti chikhazikike, apo ayi chikhomedwe ndi masikuluwu pa thabwa, masikuluwuwo akhale kutali ndi njira ya lamba. Chotchingira lamba chitsitsidwe mpaka kutsala mamilimita asanu kapena asanu ndi limodzi pamwamba pa mtengo. Mano atatu kapena kuposerapo azikhala m'mtengo nthawi zonse, ndipo mtengowo ukankhidwe pang'onopang'ono, makamaka poyamba.

Pali zina zimene ife a kuno tiyenera kuwonjezera. Mtengo wa pakhomo umabisa misomali ndi mawaya amene adamangapo chingwe choyanikira zovala, choncho uyambe waunikidwa bwino. Magetsi a ESCOM akathima ntchito ili mkati, makina azimitsidwe pa switchi nthawi yomweyo, chifukwa ena amadzidzuka okha magetsi akabwera, mwina mwana wophunzira ntchito akuchotsa utuchi ndi zala. Magolovesi ndi malaya a manja olendewera sizifunika pafupi ndi lamba. Lamba akaduka, zimitsani, imani patali mpaka mawilo ataima.

Ku Namitete Technical College, imodzi mwa makoleji a ntchito zamanja amene maphunziro ake amayang'aniridwa ndi TEVETA, bungwe lokhazikitsidwa mu 1999, achinyamata amaphunzira ukalipentala m'kalasi ndi m'shopu. Koma anyamata ambiri a ku Kabudula ndi Nambuma amaphunzira poonerera amalume kapena abwana awo. Bwanayo akamagwira chipika ndi manja, mwana naye adzatero. Lamulo la chitetezo cha anthu pantchito la 1997 limaika udindo wosamala antchito m'manja mwa wolemba ntchito, ndipo ine ndikuona kuti mwini shopu wouza mnyamata kudula polo popanda chogonekapo walephera udindo umenewo.

Ngozi ikachitika, kanikizani bala ndi nsalu yoyera, kwezani dzanja m'mwamba, thamangirani kuchipatala. St Gabriel's ya ku Namitete ndi chipatala cha Kabudula zili pafupi, ndipo mabala aakulu amatumizidwa ku Kamuzu Central. Chala chikaduka, chikulungeni m'kansalu koyera konyowa, chiikeni m'pulasitiki yomanga bwino, pulasitikiyo m'madzi ozizira a ayezi. Chisakhudzane ndi ayeziyo. Ngakhale zitatero, si chala chilichonse chimene madokotala angathe kulumikiza.

Eni mashopu, khomani chogonekapo cha V sabata ino, chipachikeni pa makina penipeni, ndipo wophunzira aliyense asayatse bandsaw asanadziwe kuchigwiritsa ntchito.