Mwana Wosadziwa Kusambira: Timuveke Chiyani Pamadzi?

(Phokoso la mafunde ndi ana akusewera)

Lero tili pagombe la Senga Bay m'boma la Salima. Ndi pa 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala, pamene mabanja ambiri amathamangira kunyanja kukapitidwa mphepo. Dzuwa likuswa mtengo, mchenga ukuotcha kumapazi.

Chapafupi apa mayi wina wamasula chitenje n'kutsitsa mwana kumbuyo. Kamwanako n'ka zaka ziwiri, kakuyenda dzandidzandi, maso ali tong'o pa madzi ochuluka amene sikanawaonepo chibadwire. Anyamata amalonda amuzungulira mayiyo: wina wanyamula kamkombero kopopa kooneka ngati bakha, wina timapilo tovala m'mikono, wina chubu cha galimoto chobwereketsa. Mayiyo akufuna chinthu chimodzi chokha, choti mwana wake asamire. Asankhe chiti?

Funso lake ndi lakale kwambiri. Ku British Museum mumzinda wa London kuli miyala yosemedwa yochokera ku Nimrud, m'dziko lakale la Asuri, ya m'zaka za m'ma 800 Yesu asanabadwe. Pamiyalapo pali anthu akuwoloka mtsinje atakumbatira zikopa za ziweto zouzira mpweya. Kuno kwathu ana a m'mbali mwa mitsinje akhala akuphunzira kusambira atagwira thunthu la nthochi, ndipo masiku ano amagwira chigubu chopanda kanthu chotseka bwino. Koma chikopa, thunthu ndi chigubu zimathandiza munthu amene ali ndi mphamvu ndi nzeru zogwiritsitsa. Mwana wa zaka ziwiri akadzidzimuka amataya chimene wagwira.

N'chifukwa chake anthu anayamba kufuna chinthu choti chizimugwira munthu, m'malo moti iye azichigwira. Mu 1854, Kaputeni John Ross Ward wa bungwe lopulumutsa anthu panyanja ku Britain la RNLI anakonza chovala chokhala ndi zidutswa za khungwa lopepuka lija amatsekera mabotolo a vinyo. Chinali cholemetsa kuyenda nacho, koma chinapulumutsa opalasa maboti ambiri. Mu 1904 bungweli linayamba kugwiritsa ntchito majekete oikamo usufu, thonje lopepuka lomwe agogo athu ankaika m'mapilo. Kuchokera pamenepo ndi pamene tafika pa jekete yamakono ya fomu, imene ambiri timangoti layifu jekete.

Timapilo ta m'mikono tili ndi mbiri yakeyake, ndipo inayamba ndi mantha a kholo. Mu 1956 mumzinda wa Hamburg ku Germany, mwana wamkazi wa zaka zitatu wa Bernhard Markwitz anagwera m'kadziwe ka nsomba ndipo anangotsala pang'ono kufa. Bamboyo sanagone nazo tulo. Anayesa njira zosiyanasiyana mpaka mu 1964 pamene timapilo take tinayamba kugulitsidwa pa dzina loti BEMA. Cholinga chake chinali chabwino: kuthandiza mwana kuzolowera madzi wamkulu ali pambali pake. Vuto limabwera pamene ife makolo tayamba kutiona ngati mlonda.

(Mafunde akumveka chapansipansi)

Taonani thupi la mwana wamng'ono. Mutu wake ndi waukulu ndi wolemera poyerekeza ndi thupi lonse, choncho akapendekeka m'madzi nkhope ndiyo imayamba kulowa, ndipo sadziwa kudzitembenuza. Kamkombero ka bakha kaja kangathe kugubuduka, miyendo m'mwamba, mutu pansi, kapena mwana n'kupululuka pakati pake. Timapilo ta m'mikono timavuka akakweza manja, timaphwa tikabooka, ndipo sitisunga chibwano pamwamba pa madzi. Chubu nacho chimatengeka ndi mphepo yochokera kumtunda, kuphethira kamodzi chili kale pakuya. Ngakhale timikombero toveka makanda m'khosi, bungwe la FDA la ku America linachenjeza makolo za kuopsa kwake mu 2022. Zonsezi ndi zoseweretsa.

Chimene chinapangidwa kuti chisunge moyo ndi jekete, ndipo posankha ya mwana pali zoti muone ndi maso, mugwire ndi manja. Yambani ndi kulemera kwa mwana, osati zaka zake. Onani m'buku lake la kusikelo kuti akulemera makilogalamu angati, ndipo yerekezani ndi zimene zalembedwa mkati mwa jeketeyo. Pomweponso fufuzani chizindikiro cha muyezo wovomerezeka, monga ISO 12402. Jekete ya mwana ikhale ya fomu, yosadalira mpweya. Ikhale ndi kolala yaikulu kuseri kwa khosi yothandiza kuti mwana agone chagada nkhope ili kumwamba, lamba wodutsa pakati pa miyendo kuti isavukire kumutu, ndi chogwirira pamwamba chomunyamulira msanga. Mtundu wake ukhale wowala, wachikasu kapena wa olenji, woonekera patali.

Tonse tikudziwa chizolowezi chathu chogulira mwana malaya aakulu kuti akule nawo. Pa yunifolomu ya sukulu nzeru imeneyi ndi yabwino, koma pa jekete ndi yoika moyo pachiswe. Mukamuveka, mangani zingwe zonse, kenako munyamuleni pogwira m'mapewa mwa jeketeyo. Ikakwera mpaka kuphimba chibwano kapena makutu, yakula. Ikamukwana, kamuyeseni pamadzi osaya inu mutamugwira, kuti aizolowere asanakumane ndi tsoka. Ndipo pokwera bwato, boti, kapena timaboti totengera anthu kugombe kuchokera mu sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanja yathu kuyambira 1951, mwana avale asanaponde m'madzi. Jekete yopinda m'chikwama sipulumutsa munthu.

Komabe ngakhale jekete yabwino kwambiri ili ndi malire ake. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linapeza kuti mu 2021 anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira m'madzi, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anali mwana wosakwana zaka zisanu. Ambiri mwa ana otere samira pa tsiku la chisangalalo atavala zosambira. Amamira pafupi ndi nyumba: m'ndowa yochapira, m'chitsime chosavundikira, m'dzenje loumbira njerwa lodzaza madzi a mvula. Mwana akamamira sakuwa ndipo sathibula madzi. Amangolowa mwakachetechete, pa nthawi imene mayi watembenuka kukavundula nsima. Paja akulu anati tsoka silinunkha.

Makolo athu ankadziwa zimenezi. Mwana wosayenda bwino ankakhala kumbuyo kwa mayi ake popita kudambo, ndipo wamkulu aliyense wopeza kamwana pafupi ndi chitsime ankakabweza popanda kufunsa kuti n'kayani. Ku Bangladesh, dziko la mitsinje ndi maiwe ambiri, nzeru yomweyi anaisandutsa dongosolo: m'midzi muli malo otchedwa Anchal, kumene amayi ophunzitsidwa amasunga ana aang'ono kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 1 koloko masana, nthawi imene makolo amakhala pakalikiliki. Bungwe la United Nations nalo mu 2021 linakhazikitsa 25 Julayi kukhala tsiku lokumbutsana za kupewa kumira m'madzi.

(Mafunde akumvekanso bwino)

Tibwerere kwa mayi uja. Ngati angapeze jekete yomukwana mwana wake, agule imeneyo, ndipo abale asonkherane ngati mtengo wakwera, chifukwa idzavalidwanso ndi ang'ono ake. Ngati sangaipeze lero, asadzinamize ndi bakha wapulasitiki. Alowe yekha m'madzi ofika m'mawondo, foni aisiye m'chikwama, mwana akhale pamene dzanja lingamufike. Akatopa, atchule dzina la wamkulu wina womulandira, osati kamchemwali ka zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo amve kuti wavomera.

Inunso amene mwakhala pamchenga, musanene kuti wanga ali pano. Mukaona kamwana kakulowera kumadzi kokha, dzukani. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.