Mneni "clear" ndi mwayi wa wodziwa Chipwitikizi pa Zóbuè

Magalimoto akuluakulu ochokera ku Beira akadutsa Tete ndi Moatize amafika pa Zóbuè, pamalire a Mozambique ndi Malawi, ndipo akangolowa m'chipata cha Mwanza mapepala amasiya Chipwitikizi n'kuyamba Chingerezi. Mneni amene amamveka kwambiri pamenepo ndi "clear". Dalaivala sanyamuka mpaka katundu ataomboledwa, ndipo pali anthu amene amadyera pa ntchito yomweyo, amene tsidya la Mozambique amatchedwa "despachante". Ophunzira Chingerezi ambiri amaloweza kuti "clear" ndi kuombola katundu basi. Apa m'pamene amasokonekera, chifukwa mneni yemweyo amagwira ntchito polambula msewu, pomaliza ngongole, pochotsa mbale patebulo, ngakhale pamene mitambo yabalalika kumwamba kwayera.

Matanthauzo onsewa ali ndi muzu umodzi. Mawuwa anachokera ku Chilatini, "clarus", chinthu chowala ndi chooneka bwino, ndipo analowa m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa, chimene chinazika mizu ku England Anomani atalanda dzikolo mu 1066. Kuti chinthu chioneke, chotchinga chiyenera kuchoka. Ndiye mtengo wogwera pamsewu, ngongole, msonkho wa kasitomu, zonsezi ndi zotchinga. Mwana wa ku Moatize amaudziwa kale muzuwu, pakuti m'Chipwitikizi amati "claro" tsiku lililonse, ndipo "declarar" ndi m'bale wake wa "declare". Koma wophunzira wa ku China, mwachitsanzo, alibe poyambira potere. Amayenera kuloweza tanthauzo lililonse palokha. Nchifukwa chake ndikuti aphunzitsi a Chingerezi m'chigawo cha Tete asamaone Chipwitikizi ngati chosokoneza m'kalasi.

Ena anganene kuti kufanana kumanamiza, ndipo sakulakwa. "Push" ndi kukankha, koma "puxar" ndi kukoka, ngakhale onse anachokera ku "pulsare". Munthu angaime pachitseko cha banki n'kumakoka pamene akuuzidwa kukankha. Koma mankhwala ake ndi kuphunzitsa muzu pamodzi ndi ziganizo zenizeni, zimene zili pa fomu ya Malawi Revenue Authority ndi pa zikwangwani za ku migodi ya malasha. Mawu onamiza ngati "push" mphunzitsi akhoza kuwalemba pabolodi n'kuchenjeza ana.