Bulu wa pangolo nayenso ndi cholengedwa cha Mulungu

Loweruka lina m'mawa, ndikuchokera kuchigayo ku Area 23 mumzinda wa Lilongwe, ndidapeza ngolo yodzaza mchenga itaima pachitunda. Abulu awiri amene ankaikoka adali atatheratu mphamvu. Mmodzi adali atagwada, mphuno ili m'fumbi, ndipo pakhosi pake padali chilonda chofiira chimene ntchentche zidali zitachizinga. Mnyamata woyendetsa ngoloyo ankamukwapula ndi mkwapulo wa tayala, uku akukalipa. Tonse odutsa, ena atanyamula mabuku a nyimbo kupita kokonzekera kwaya, tidangoyang'ana n'kumapitirira. Gogo wina wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu ndiye adadzuka ndi chidebe cha madzi.

"Mwana wanga, tamumasula kaye amwe. Ukamupha lero, mawa udya chiyani?" adatero gogoyo.

"Pepani agogo, eni ngolo akufuna maulendo asanu lisanalowe dzuwa," adayankha mnyamatayo, koma adamasula goli.

Ndidafika kunyumba ndili ndi manyazi. Ife amene timadzitcha ana a Mlengi tidalambalala cholengedwa chake chili pa ululu, ngati kuti chifundo chidapangidwira anthu okha.

Okondedwa awerengi, Malembo sadaiwale ziweto. Pa Eksodo 23:5, Aisraele adalamulidwa kuthandiza bulu amene wagwa ndi katundu, ngakhale mwini wake atakhala munthu wodana nawo. Pa ndime 12 ya mutu womwewo tikuona kuti mpumulo wa tsiku lachisanu ndi chiwiri udali wa ng'ombe ndi bulu yemwe. Pa Numeri 22, Balamu adakwapula bulu wake katatu, osadziwa kuti buluyo ankaona mngelo amene iye sankamuona, ndipo kupatuka kwakeko ndi kumene kudapulumutsa moyo wa mbuye wake. Miyambo 12:10 imayesa chilungamo cha munthu poona mmene amasamalira chiweto chake. Ndipo Ambuye Yesu polowa mu Yerusalemu adakwera pa nyama yomweyi imene ife timaimenya pachitunda.

Akhristu ena akale adamvetsa mfundoyi ndipo adachitapo kanthu. Mu 1824, mumzinda wa London, mbusa wa mpingo wa Anglican, Arthur Broome, adaitanitsa msonkhano umene udabala bungwe loteteza nyama ku nkhanza. Pamsonkhanopo padalinso William Wilberforce, yemwe adatchuka polimbana ndi malonda a akapolo. Masiku amenewo akavalo okoka ngolo ankamenyedwa ndi kufera m'misewu ya London monga abulu athu akuchitira lero. Broome adathera chuma chake pa ntchitoyi, mpaka adaponyedwa m'ndende chifukwa cha ngongole za bungwelo. Mu 1840 Mfumukazi Victoria idalola kuti bungwelo lizitchedwa lachifumu, ndipo mpaka lero likudziwika ndi dzina lakuti RSPCA.

Kuno kwathu akavalo ndi ochepa kwambiri. Ntchito yawo idagwera abulu, amene amatuta mchenga, njerwa, nkhuni ndi chimanga m'madera ozungulira Lilongwe. Ntchito yosamala nyama nayo idafika. Mu 2008 mumzinda uno mudakhazikitsidwa bungwe la Lilongwe Society for the Protection and Care of Animals, limene ambiri amangoti LSPCA. Bungweli lili ndi chipatala cha ziweto, limasunga agalu ndi amphaka otayidwa mpaka atapeza owatenga, limabaya agalu katemera, komanso limaphunzitsa eni abulu kasamalidwe koyenera. Palinso Lilongwe Wildlife Centre, kumene amasamala nyama zakutchire zovulala ndi zolandidwa kwa ogulitsa, monga anyani ndi apusi. Ntchito zotere zimadalira kwambiri anthu ongodzipereka, osayembekezera malipiro.

Mwina wina afunsa kuti: anthu akugona ndi njala, mankhwala akusowa, ndiye tizitaya nthawi ndi abulu ndi agalu? Funsoli ndi lomveka. Koma tikalingalira bwino tiona kuti moyo wa chiweto ndi moyo wa banja ndi zolumikizana.

Tiyambe ndi bulu. Chilonda chimene ndidaona pakhosi paja chidachokera ku goli. Goli lidapangidwira ng'ombe, imene ili ndi linunda ndi khosi lolimba. Bulu alibe linunda, ndipo mphamvu zake zokokera zili pachifuwa ndi m'mapewa. Akamangidwa m'goli la ng'ombe, mtengo umamupala khungu ndi kumupanikiza pakhosi, ndipo amatopa msanga. Chimene amafunika ndi lamba wotambalala wa pachifuwa, woyalidwa nsalu yofewa mkati. Bulu ndi nyama yopirira imene imabisa ululu, choncho akafika pogwada ndiye kuti wavutika kwa nthawi yaitali. Ubweya wake suletsa madzi a mvula, kotero amafunika khola lofolera. Wosamalidwa bwino amatha kukhala zaka 30, ndipo wamkazi amatenga pafupifupi miyezi 12 kuti abereke mwana mmodzi. Banja likataya bulu chifukwa cha nkhanza, lataya ndalama za ufa, lendi ndi fizi ya ana, ndipo kupeza wina si nkhani ya lero ndi mawa.

Nanga galu? Pafupifupi khomo lililonse ku Area 23, ku Kawale kapena ku Chilinde limafuna galu wolondera usiku, koma ndi angati amene amamubayitsa katemera wa chiwewe? Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri a iwo mu Africa ndi ku Asia, ndipo pafupifupi onse amachitenga polumidwa kapena kukandidwa ndi galu. Mwa olumidwawo, anayi mwa khumi alionse ndi ana osafika zaka 15. Zizindikiro za matendawa zikayamba kuoneka, kupulumuka kulibe. Komatu akatswiri amati agalu 70 mwa 100 alionse m'dera akabayidwa katemera, matendawa amaleka kufala. Mu 2015, bungwe la Mission Rabies pamodzi ndi anthu odzipereka lidabaya agalu opitirira 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masabata owerengeka chabe. Amene adagwira agalu tsiku limenelo ankatetezanso ana a sukulu amene sadzawadziwa n'komwe.

Tsono kudzipereka kumayambira pati? Amene ali ndi Loweruka lopanda ntchito, makamaka achinyamata amene akudikira zotsatira za mayeso, akhoza kukafunsa kumalo osungirako nyama ngati pali pamene angathandize. Ntchito zake si zapamwamba ayi: kukolopa makola, kutsuka mbale zodyera, kusambitsa agalu, kuwachotsa nkhupakupa ndi kuyenda nawo kuti azolowere anthu. Ndi ntchito yonunkha ndi yotopetsa, yopanda wokuombera m'manja. Koma amene adasambitsa mapazi a ophunzira ake sadatiphunzitse kusankha ntchito yoyera yokha.

Amene sangathe kupita kutali ali ndi ntchito pakhomo pomwe. Kalata ya katemera wa agalu ikabwera, mlembi wa mpingo ailengeze pamodzi ndi zolengeza zina. Miphakati, magulu a amayi ndi a achinyamata angathe kuthandiza okalamba kutengera agalu awo kumalo obayira. Tsiku la 28 September chaka chilichonse ndi lokumbukira za chiwewe padziko lonse, ndipo ndi mwayi wabwino wophunzitsa ana a Sande Sukulu kuti asamagende agalu kapena kuseweretsa galu wachilendo. Banja lililonse lidziwe kuti munthu akalumidwa ndi galu, bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka athamangire naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Tiyang'anenso m'zochita zathu za tsiku ndi tsiku. Pogula mchenga wa nyumba yathu, kodi si ife amene timakakamiza mnyamata kudzaza ngolo mpaka kusefukira kuti tipulumutse kangachepe? Galu wathu amene timamumanga pa unyolo tsiku lonse padzuwa, kodi ali ndi madzi akumwa? Nkhuku ndi mbuzi zimene timanjata chadodolido panjinga popita kumsika, kodi sizimva kuwawa? N'zoona kuti tidapatsidwa ulamuliro pa zolengedwa, koma ndi ulamuliro wa kapitawo amene adzafunsidwa ndi Mwini wake. Ana athu amaonanso. Mwana amene wazolowera kuseka galu akamalira ndi mwala, mawa sadzamva chisoni mnzake akamalira.

Gogo uja sadalembetse ku bungwe lililonse. Adali ndi chidebe cha madzi ndi mawu ofatsa basi. Bulu atamwa, anyamata awiri amene adaima kuti aonerere adathandiza kupungula mchenga, ndipo ngolo idakwera chitunda. Ine ndidapitirira ndi thumba langa la ufa, osathandizapo kanthu. Sabata ino ambiri a ife tikumana ndi ngolo yathu pachitunda china. Mulungu atipatse maso oona ndi mtima woima.