Madzi saiwala khwawa: mlandu wa kusefukira kwa madzi ndi wa yani?

Ntchito yanga ndi yoyeza madzi a m'mitsinje. Ndimayenda ndi kabuku, chingwe choyezera ndi kachipangizo koona liwiro la madzi, ndipo zaka zambiri za moyo wanga zathera m'mbali mwa mitsinje ya m'chigawo cha kummwera. Dzinja likafika, funso lomwe ndimalandira kumisasa ya anthu othawa madzi, m'minibasi ngakhalenso kutchalitchi limakhala limodzi: madzi onsewa akuchokera kuti, nanga walakwa ndani?

Tiyambire padenga la nyumba yanu. A zanyengo akanena pa wailesi kuti kwagwa mvula ya mamilimita 50, ambiri amaona ngati ndi timadzi tochepa, poti mamilimita 50 safika n'kutalika kwa chala. Koma milimita imodzi ya mvula pa malo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi ndi lita yathunthu. Denga la malata la mamita 10 mulitali ndi 8 mulifupi limatsitsa malita 4,000 pa mvula yotereyi, ndiye kuti ndowa 200 za malita 20. Pa hekitala imodzi pamagwa malita 500,000. Tsono ganizirani phiri lonse la Soche, kapena Mulanje ndi mapiri onse amene amathira madzi mu Ruo.

Madzi amenewa ali ndi njira zitatu zokha. Ena amalowa pansi, ena amaima m'madambo ndi m'masamba n'kumachoka pang'onopang'ono, otsalawo amathamanga pamtunda kupita kukhwawa. Pamene pali nkhalango, zinyalala za masamba ndi mizu zimamwetsa nthaka, ndipo madzi a lero amakafika kumtsinje patapita masiku kapena masabata. Pamene pali malata, simenti, phula kapena munda wopanda mizere yotchinga madzi, amafika onse pa ola limodzi. Chinsinsi chachikulu cha ntchito yathu n'chimenechi: mtsinje umasefukira madzi akafikira pamodzi mwa changu choposa chomwe ungathe kunyamula. Kuchuluka kwa mvula ndi theka chabe la nkhaniyi.

Theka linalo ndinalionera pamlatho wina wa m'chigwa cha Shire. Pamenepo tinali ndi chitsulo cholembedwa manambala chomwe timaonerapo msinkhu wa madzi. Nditapitako m'chilimwe china, ndinapeza manambala a m'munsi atakwiririka ndi mchenga. Gogo wina yemwe ankachapa pafupi anandiona ndikukumba ndi manja, n'kunena kuti: "Mwanangu, musavutike. Tili atsikana tinkadutsa pansi pa mlathowu titasenza mitolo ya bango. Lero ngakhale mwana amawerama." Mlatho sunatsike ayi, mtsinje ndiwo unakwera. Dothi lokokoloka m'minda ndi m'mapiri a kumtunda limadzagona m'munsi momwe madzi amayenda mwaulesi, ndipo mtsinje umasanduka mbale yosazama. Mvula yomwe kale inkakwanamo bwinobwino lero imatayikira m'midzi.

Pa Chiromo pali chinanso. Pamenepo Ruo amathira mu Shire. Mvula ikakula ku Mulanje ndi kutsidya ku Mozambique, Ruo amatsika ndi mphamvu yoti amatsekereza Shire, madzi n'kubwerera m'mbuyo kukadzaza dambo la Elephant Marsh. N'chifukwa chake anthu a ku Makhanga amatha kuzingidwa ndi madzi kwawoko mvula isanagwe yambiri. Amalipira ngongole ya zimene zachitika makilomita ambiri kumtunda.

Sindikufuna kukunamizani kuti mitengo yokha ndiyo mankhwala. Nthaka ili ngati siponji: ikakhuta, yakhuta. Namondwe wa Freddy atafika mu Marichi 2023, mvula inagwa masiku otsatizana mpaka dothi la m'mapiri linalemera n'kusiyana ndi thanthwe la pansi pake. Chimene chinatsikira ku Chilobwe sichinali madzi okha, chinali phala la matope, miyala ndi mitengo. Makolo athu ankachidziwa chinthu chimenechi ndipo anachitcha Napolo, yemwe anapulula anthu ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991. Freddy anatitengera anthu oposa 1,000, kuwerengera omwe matupi awo sanapezeke. Ndipo mvula yotere ikulimba, chifukwa mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umanyamula chinyezi choonjezera pafupifupi magawo 7 pa 100 alionse. Taonani mndandanda: madzi a mu Januwale 2015, anamondwe a Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, Freddy mu 2023. Namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, dziko lonse n'kukhala m'mdima wa kuzimazima kwa magetsi kwa miyezi yambiri.

Pali mawu ena a ife akatswiri amene asokeretsa anthu. Tikati "chigumula cha zaka 100", ena amamva ngati chikadutsa ndiye kuti tapuma mpaka adzukulu. Tanthauzo lake n'lakuti chaka chilichonse pali mwayi umodzi pa 100 woti chibwere, ndipo chingabwere zaka ziwiri zotsatizana. Komanso mawerengero amenewa tinawatenga pa mvula ya kale ndi mitsinje yozama ya kale. Mlatho kapena kalavati womangidwa pa manambala amenewo lero ndi wochepa.

Tsono mlandu ndi wa yani? Mvula sitingaitengere kubwalo. Muyeso wanga ndi uwu: mlandu umakula molingana ndi mphamvu zomwe munthu anali nazo zosankhira njira ina.

Anthu amafulumira kuloza chala wootcha makala ndi mayi womanga m'mbali mwa mtsinje. Inde, nkhwangwa ili m'manja mwa wootchayo. Koma mabanja oposa 90 pa 100 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo thumba lochokera ku Dzalanyama kapena ku Neno limakathera pambaula ya m'tauni, yanga ndi yanu. Limadutsa m'misewu yokhala ndi zipata za achitetezo. Mayi wa ku Mtandire amene nyumba yake inalowa madzi a Lingadzi mu 2017 sanasankhe malowo chifukwa chokonda phokoso la mtsinje. Ndi pamene ndalama zake zinafika. Mlimi wa ku Nsanje akakana kusamukira kumtunda, kumbukirani kuti dimba lake, nsomba zake ndi manda a makolo ake zili kumunsi. Kumupatsa malo ouma opanda munda, mjigo kapena sukulu n'kumutuma kuti abwerere.

Mutu ukakula sulewa nkhonya. Amene amadula maploti m'dambo, kaya ndi mfumu kaya ndi wa muofesi, amadziwa kuti dambo ndi nkhokwe ya madzi. Ndinalembapo lipoti loletsa kumanga pamalo ena otere. Patapita zaka ziwiri ndinapeza mipanda ya njerwa itaima mpaka m'khwawa, ndipo madzi omwe ankagona pamenepo anali atapatukira kwa anthu osauka a kumunsi. Wosainira pulani imeneyo ali ndi mlandu. Kontirakitala woika kalavati wamng'ono kuti ndalama itsale m'thumba ali ndi mlandu, pamodzi ndi injiniya wovomereza ntchitoyo. Khonsolo yotolera misonkho koma ngalande zili zodzaza ndi mchenga, mabotolo ndi majumbo mpaka Novembala ili ndi mlandu. Ife oyeza madzi tili ndi mlandu wathu tikasiya zoyezera zitafa, kapena tikapereka chenjezo m'chilankhulo choti mfumu ya m'mudzi singathe kuchimasulira anthu ake.

Malamulo alipo. Ngozi ya ku Phalombe inabala lamulo la 1991 lokonzekera ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo mu 2023 aphungu anakhazikitsa latsopano lotsindika kupewa ngozi zisanachitike. Chikusowa ndi kulimba mtima kogwetsa mpanda wa munthu wotchuka, komanso ndalama zogwirira ntchito m'chilimwe. Timapeza ndalama za matenti ndi ufa madzi atapita, pamene zokumbira ngalande mu Ogasiti zimasowa. Nawo mayiko olemera amene utsi wawo watenthetsa dziko ali ndi gawo lawo, ndipo thumba lolipirira zoonongeka lomwe anagwirizana pamsonkhano wa mayiko ku Sharm el-Sheikh mu 2022 ndi ngongole, si mphatso. Tiziitanitsa mopanda manyazi, koma siidzatsegula ngalande ya kuseri kwa msika wanu.

Pempho langa n'loti mugwire ntchito yanga kwa tsiku limodzi mvula isanayambe. Tsatani ngalande yodutsa pakhomo panu mpaka pomwe yathera. Funsani agogo a m'dera lanu pamene madzi anafika chaka chomwe anakula kwambiri, ndipo mupake penti pamtengo kapena pakhoma pamenepo kuti aliyense aziona. Kenako pitani kwa khansala ndi kwa mfumu, mufunse kuti analola ndani kumanga kumunsi kwa chizindikirocho, ndiponso kuti kalavati watsekekayo atsegulidwa liti. Madzi saiwala khwawa lawo. Ifenso tisamaiwale amene analitseka.